Andipeza ndi BP, ndiyambire pati?

Bambo a Tadala (Chitakale):
Abale anga, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi nkhani imene ndaona kuti ndiitule pagulu pano. Lachiwiri lapitali ndinaperekeza mayi a kunyumba kuchipatala, odwala anali iwowo. Tili pamzere namwino wina anati bambo, poti mwafika kale bweretsani mkono nanunso tikuyezeni. Ndinapereka mkono mtima uli m'malo, chifukwa sindimamva kupweteka pena paliponse. Makina analemba 168/102. Anandikhazika kaye pabenchi, patapita mphindi zingapo anayezanso, 164/100. Lachisanu ndinabwererako monga anandiuzira, zinali zomwezo, ndiye anati ndili ndi BP, matenda othamanga magazi. Andiyambitsa kapiritsi kamodzi m'mawa uliwonse, ndipo akuti ndichepetse mchere, ndichepetse thupi, ndiziyenda. Ndili ndi zaka 46. Bambo anga anafa ziwalo mbali imodzi ali ndi zaka 58, anakhala zaka 3 tikuwatembenuza pamphasa ndi kuwamwetsa phala ndi supuni. Sindikufuna ana anga adzaone zimenezo pa ine. Koma ndiyambire pati? Zakudya za anthu a BP n'zofuna ndalama, ndipo golosale yanga masiku ano sikuyenda bwino.

Mayi a Chisomo (Luchenza):
Pepani bambo. Koma thokozani Mulungu kuti akupezani nayo mukuyenda ndi miyendo yanu. Mlamu wanga anadziwa kuti ali ndi BP atagwa kale kubafa.

Wakabaza wa pa Limbuli:
Madala musadandaule. Adyo ndi mandimu m'madzi ofunda m'mawa uliwonse, mwezi umodzi BP yatheratu. Mapiritsiwo mukangowayamba simudzasiya, amazolowetsa thupi.

Anamwino opuma (Nkando):
Mwana wanga wa pa Limbuli, ndikuyankhe pompano anthu ambiri asanawerenge. Adyo ndi wabwino m'ndiwo. Mandimu ndi abwino. Chammwamba ndi ndiwo yabwino kwambiri. Koma palibe chimodzi mwa izi chimene chingalowe m'malo mwa mankhwala kwa munthu amene makina akulemba 168/102. Ndagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri. Anthu amene ankabwera pakamwa patapindika, dzanja lili lende, ambiri nkhani yawo inali yofanana: anamwa mankhwala miyezi iwiri, anaona kuti ali bwino, wina anawauza za zitsamba, anasiya. Mapiritsi sazolowetsa thupi ayi. Vuto n'lakuti matendawa sachoka, mankhwala amangowatsitsa tsiku limenelo. Zili ngati dimba la m'chilimwe, tsiku limene wasiya kuthirira ndi tsiku limene layamba kuuma.

Ndipo nonse amene mukuwerenga, BP siimveka m'thupi. Ena amati ine ndimaidziwa ikakwera chifukwa mutu umandipweteka. Ambiri samva kalikonse mpaka tsiku logwa. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO anayeza anthu azaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, ndipo anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse magazi ake amathamanga mopitirira muyeso, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe. Muyeso wake ndi 140/90. Makina akamalemba pamenepo kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, munthu uja ali ndi BP, kaya ndi wonenepa kaya ndi wochepa thupi.

Aphunzitsi a ku Chonde:
Achimwene a pa Chitakale, tisanayambe kukuunjikirani malangizo, talembani zonse zimene munadya dzulo kuyambira m'mawa mpaka pogona. Musabise kanthu, tonse pano timadya zomwezo.

Bambo a Tadala (Chitakale):
Chabwino aphunzitsi. M'mawa tiyi makapu awiri, shuga masupuni 4 kapu iliyonse, ndi mandasi atatu. Cha m'ma 10 ndinatuma mwana kukagula tchipisi pachiwaya. Masana nsima ya ufa woyera mitanda 4 ndi bakayawo amene mayi anagula ku Limbuli. M'shopumo ndikamadikira makasitomala ndimatsegula botolo la zoziziritsa kukhosi, dzulo ndinamwa awiri. Madzulo tiyi wina kapu imodzi poti kukuzizira. Usiku nsima ndi nyama ya nkhumba yokazinga. Masamba analipo, koma ine ndimangotapa kamodzi. Ndipo ndinene zoona, mchere ndimathira pambale ndisanalawe n'komwe, chizolowezi cha kuyambira kale.

Anamwino opuma (Nkando):
Zikomo chifukwa chonena zoona. Tiyeni tiwerengere limodzi. Makapu atatu a tiyi, masupuni 4 iliyonse, ndi masupuni 12. Botolo limodzi la 300 ml la zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana masupuni 7 kapena 8, ndiye awiri aja ndi masupuni ena 15. Mwadutsa 25 mandasi tisanawawerengere. A WHO amati munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono 12 patsiku, ndipo akakwanitsa 6 ndiye bwino koposa. Shuga wa m'dziko muno amamuthira vitamini A, n'zoona, koma chimenecho si chifukwa chomuthirira ndi dzanja lolemera.

Mchere ndiye nkhani yaikulu kwa inu. Muyeso wa tsiku lonse ndi wosakwana magalamu 5, kasupuni ka tiyi kamodzi kosasefukira, ndipo m'menemo muwerengeremo wa m'ndiwo, wa mu buledi, wa pa tchipisi, wa mu timapaketi tokometsera ndiwo tija. Bakayawo amamuumitsa ndi mchere, ndiye mbale imodzi yokha ikhoza kumaliza muyeso wonse wa tsikulo. Ngati mukumufunabe, mayi amuviike m'madzi, ataye madziwo, aviikenso, ndipo pophika asathirenso mchere. Choyamba kuchita mawa n'chosafuna tambala: kabotolo ka mchere kachoke pamene mumadyera. Masabata awiri kapena atatu oyambirira ndiwo zidzamveka zosakolera, kenaka lilime limazolowera, moti mukadzadya kwa anzanu mudzayamba kumva kuti mchere wachuluka.

Mayi a Chisomo (Luchenza):
Bambo a Tadala, mundikhululukire ndilankhula mosapsatira. Mwati zakudya za anthu a BP n'zofuna ndalama. Koma zimene mwalembazi ndiye zandalama! Mabotolo awiri, tchipisi, mandasi, nkhumba, tawerengerani nokha. Ine ndimagulitsa masamba pamsika wa Luchenza. Mwezi uno wa July mbatata yadzaza, yofiira mkati ija ilipo, Kadyaubwerere ndi Kaphulira. Nandolo wamuwisi wayamba kutuluka. Mpiru, tanaposi, repu, kholowa, chigwada, zonse zili mbwee, ndipo pofika 5 koloko madzulo timachita kutsitsa mtengo kuti zisagone. Manachesi a ku Mwanza ali m'mabasiketi, mapapaya ali m'makomo mwathu momwe akudyedwa ndi mbalame. Ndalama ya botolo limodzi lija mutha kugula masamba odya banja lonse. Amene amabwera kudzagula masamba kwa ine ndi amayi, ndipo amadandaula chinthu chimodzi: bambo akaona masamba okhaokha amati lero simunaphike ndiwo.

Aphunzitsi a ku Chonde:
Mayi a Chisomo mwagunda pamene ndimafuna kufika. Vuto lathu si kusowa kwa zakudya zabwino, koma manyazi amene tinayamba kuchita nazo. Ine ndinakulira pa makaka ophika pamodzi ndi nandolo. Ndimawaonabe mayi anga atakhala kuseri kwa nyumba, mtondo uli pakati pa miyendo, akusinja chigwada mpaka chitasalala, fungo lake likumveka bwalo lonse. Akachiwiritsa nthawi yaitali ankathira nsinjiro ndi tomato mmodzi, mafuta ogula osawadziwa n'komwe. M'mawa tinkapita kusukulu titadya futali kapena chinangwa chophika, ndipo tinkafika masana osamva njala. Nditayamba ntchito, chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kuletsa mgaiwa m'nyumba mwanga, chifukwa unkandikumbutsa umphawi ndi nsima ya kusukulu yogonera konko. Ndinkati munthu wolandira malipiro adye woyera. Sindinkadziwa kuti pokonola chimanga, kuviika mphale ndi kutaya madzi ake, tikupereka kwa nkhumba ndi nkhuku gaga amene ali ndi zambiri zofunika m'thupi, ife n'kutsala ndi choyera chongokhutitsa.

Chimene chimandikhudza n'chakuti mwezi wa October anthu amabwera pano pa Chonde ku Mulhako wa Alhomwe ndi magalimoto ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, n'kumaima pamzere kugula kalongonda ndi makaka, kujambulitsa nazo zithunzi. Tsiku limodzi pachaka chimakhala chikhalidwe, masiku ena onse timati ndi chakudya cha osauka. Akulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Ine ndinabwerera ku mgaiwa zaka 4 zapitazo atandipeza ndi shuga. Ana anadandaula mwezi umodzi, lero akadya woyera amati sakukhuta.

Anamwino opuma (Nkando):
Aphunzitsi mwanena zoona, ndingowonjezerapo machenjezo kuti wina asavulale nazo. Kalongonda safuna changu, amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi amazunguza mutu ndi kusanzitsa. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni, chiyenera kuviikidwa ndi kuyanikidwa bwino, ndipo chigwada chipse mokwanira. Mtedza wa nsinjiro muzisankha, wofota, wakuda kapena wa chuku tayani, musaupereke ngakhale kwa ana, chifukwa chuku chija chimawononga chiwindi pang'onopang'ono. Soda amene timathira m'masamba kuti afewe msanga amapha mavitamini, komanso kwa munthu wa BP amagwira ntchito ngati mchere womwe. Masamba anthete safuna soda.

Komanso mgaiwa si chilolezo chodyera mitanda 5. Kwa inu a shuga makamaka, chinangwa, mbatata, mpunga, nsima, zonsezi ndi gulu limodzi la zokhutitsa. Alangizi a zaumoyo m'midzimu amaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ife timadzaza mbale ndi gulu limodzi, magulu ena asanu n'kukhala ongonyowetsera mbamu. Bambo a Tadala, tembenuzani mbale: mitanda iwiri, masamba odzaza mbale yawoyawo, nandolo kapena nyemba kapena usipa pambali, chipatso pambuyo pake.

Achimwene a ku Joni:
Ndikuwerenga ndili ku Johannesburg ndipo zikundikhudza. Kuno nkhuku ya m'firiji, buledi ndi zakumwa za shuga ndiye zosavuta kupeza ukaweruka usiku utatopa. Zaka 5 ndinawonjezera makilogalamu 19. Nditabwera kumudzi ku Goliati pa Khirisimasi, aliyense ankandigwira pamimba n'kumati Joni yakuyanja. Palibe anafunsa chifukwa chimene ndinkapumira kawiri pokwera kamtunda ka kwa agogo. Chikhalidwe chotamanda kunenepachi tichiganizire bwino. Ndikudziwa kumene chinachokera, tonse tikukumbukira zaka zija pamene munthu akangochepa thupi anthu ankayamba kunong'onezana. Koma lero munthu akuopa kuchepetsa thupi kuopa pakamwa pa anthu, pamene mtima wake ukulemedwa.

Make Yankho (Muloza):
Ine ndawerenga zonse koma ndinene maganizo anga, musakwiye. Nkhani yoti tiziyenda, tizichita masewera olimbitsa thupi, ndi ya inu a m'mashopu ndi m'maofesi. Ine ndimathyola tiyi. Nyengo ya dzinja ndimadzuka 4 koloko, kuphikira ana, kuyenda ola lathunthu kukafika kumunda. Tsiku lonse chiimire m'mizere, dengu kumsana, mame akunyowetsa mpaka m'chiuno, manja onse awiri akuthyola nsonga. Dengu likadzadza ulendo kusikelo, kubwerako kuyambiranso. Ndikaweruka kuli madzi, kuli nkhuni, kuli kadimba kanga. Ndiye wina andiuze kuti ndizithamanga? Chimene ine ndikusowa ndi kupuma ndi chakudya chokwanira. Miyezi ino masamba a tiyi achepa, ntchito yachepa, ndalama yachepanso. Ndipo ulendo watha kuchipatala anandiuza kuti magazi ndi ochepa m'thupi.

Anamwino opuma (Nkando):
Make Yankho, palibe angakwiye, mwanena zoona zokhazokha. Inu simukufunika kuwonjezera kuyenda, thupi lanu likugwira kale ntchito yopitirira. Malangizo a zaumoyo si yunifolomu yoti aliyense avale saizi imodzi. Kwa inu nkhani ndi magaziwo. Ndikufunseni, tiyi mumamwa nthawi yanji?

Make Yankho (Muloza):
M'mawa ndi chinangwa, masana pakudya nsima, nthawi zina usikunso. Wopanda mkaka, wakuda bii, ndiye amandipatsa mphamvu.

Anamwino opuma (Nkando):
Pamenepo pali chimodzi chimene mungasinthe osawononga ndalama. Tiyi ali ndi zinthu zimene zimagwira ayironi wa m'zakudya, makamaka wa mu nyemba, nandolo ndi masamba, n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Ife a kuno timamwa tiyi kwambiri poti timakhala naye pakhomo, ndipo tiyi payekha si woipa. Koma musiyanitse ndi chakudya, papite ola limodzi kapena kuposerapo mutadya. Pa nthawi yakudya m'malo mwake finyirani ndimu m'masamba, kapena idyani nachesi, gwafa, papaya kapena chinanazi nyengo yake, chifukwa vitamini C amathandiza ayironi kulowa. Usipa ndi matemba idyani ndi mitu yomwe. Bonongwe ndi chisoso musazione ngati udzu. Mapiritsi owonjezera magazi ngati anakupatsani malizani onse, ngakhale chimbudzi chizioneka chakuda, ndi mmene amachitira. Ndipo BP kayezetseninso, ndaonapo amayi ochepa thupi, olimbikira ntchito ngati inu, ali nayo yokwera kwambiri.

Wonyamula katundu kuphiri (Likhubula):
Ine ndilankhule ndi bambo a pa Chitakale pa nkhani yoyenda, poti ndiyo ntchito yanga. Ndakwera phiri la Mulanje kuyambira ndili mnyamata, Chambe, Lichenya, Thuchila, mpaka pa Sapitwa pa mamita 3,002. Chimene ndaona kwa alendo n'chakuti amene amavutika si okalamba, koma amene amayamba ndi liwiro. Mphindi 20 zoyambirira ali patsogolo, pofika pa mtunda woyamba ali gone pamwala. Agogo amene amaponda pang'onopang'ono osaima ndi amene amafika kukanyumba kogona dzuwa lisanalowe.

Ndiye musaone anyamata a mpikisano wa Porters Race akuthamanga mwezi uno n'kuganiza kuti ndiye masewera olimbitsa thupi amenewo. Inu yambani ndi mphindi 15 m'mamawa musanatsegule shopu, mumsewu wodutsa m'minda ya tiyi, kumene kulibe fumbi la magalimoto. Sabata yachiwiri 20, yachitatu 30. Muziyenda ndawala, moti mutha kulankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo. Mukafika pa mphindi 30 masiku 5 pa sabata mwakwanitsa mphindi 150 zimene achipatala amanena. Nsapato ikhale yosathina, za mtengo wapatali n'zosafunika. Mukadzalimba ndidzakutengani kuchokera pa Likhubula kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Anthu amachoka ku Ulaya kudzaona dziwe limenelo, pamene ambiri obadwira pa Chitakale sanapondepo.

Anamwino opuma (Nkando):
Ndikuvomereza zonsezo. Kungoti mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosazolowereka, imani ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Wakabaza wa pa Limbuli:
Mayi anamwino ndamva, za adyo zija ndabweza mawu. Ndinangomva kwa anzanga pa siteji. Koma nkhani yoyendayi yandilasa inenso. Kale ndinkapalasa njinga yakapalasa, Limbuli mpaka Muloza kangapo patsiku, munthu kumbuyo ndi thumba la chimanga. Chigulireni njinga yamoto zaka 2 zapitazo mathalauza onse athina. Ndipo anthu amene ndimanyamula ena amakwera mtunda woti akanayenda mphindi 10. Ndalama ndimaifuna, koma ndikuona kuti tonse tasiya kuyenda. Ndili ndi zaka 29, kodi nanenso ndikayezetse?

Anamwino opuma (Nkando):
Kayezetse mwana wanga, sizitenga mphindi 5, ndipo kuchipatala cha boma n'zaulere. Uwatengenso anzako a pa siteji.

Nangondo:
Ine sindilembalemba pagulu pano, ndimangowerenga. Koma lero ndalimba mtima. Mwakamba za mchere ndi za kuyenda, nanga mtima ukakhala kuti sukukhazikika munthu amatani? Ife tinali kumunsi kwa phiri mbali ya ku Muloza pamene namondwe wa Freddy anabwera mu March 2023. Usiku umene uja tinamva phokoso ngati magalimoto akuluakulu ambiri akubwera pamodzi, koma inali miyala ikugubuduzika ndi madzi. Tinathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Nyumba inapita, mbuzi zinapita, ndipo mchemwali wanga ndi mwana wake sitinawapeze mpaka lero, tinalira maliro opanda manda. Tinamanganso kwina, moyo ukuoneka ngati wabwerera. Koma ine mvula ikangoyamba kugunda pamalata, ngakhale chiperoni chamawawa ngati cha sabata ino, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, ndimadzutsa ana n'kuwaveka nsapato. Ndimakhala pakhomo mpaka kucha ndikumvetsera kuphiri. Chakudya sichikoma. Bambo a kunyumba sakamba za tsikulo ngakhale kamodzi, anangoyamba kachasu, munthu amene sankamwa. Ndikauza anthu amati ingopempherani, munapulumuka, muzithokoza. Ndimapemphera ndithu. Koma tulo sitibwera.

Mayi a Chisomo (Luchenza):
Achemwali, ndawerenga misozi ikutsika. Pepani, pepani kwambiri. Mwachita bwino kulankhula.

Anamwino opuma (Nkando):
Nangondo mwana wanga, zikomo chifukwa chotikhulupirira. Choyamba ndikuuzeni kuti zimene mukumvazo si kuchepa kwa chikhulupiriro, si kusayamika, ndiponso si misala. Munthu akaona zoopsa zoposa mphamvu zake, thupi limatha kukhala chitcherere ngati ngoziyo ikadali pakhomo, ngakhale papite zaka. Phokoso la mvula likamveka, thupi limachita zimene linachita usiku uja kuti likupulumutseni. Ndi vuto lodziwika kuchipatala, ndipo thandizo lake lilipo. Anthu akamva za matenda a maganizo amaganiza za ku Zomba basi, n'kuchita mantha. Ayi. Pachipatala chachikulu cha boma, kaya ku Mulanje kaya ku Thyolo, pali anamwino amene anaphunzira za maganizo. Mukafika nenani momveka kuti sindigona, ndili ndi mantha chichitikireni Freddy, ndikufuna kuonana ndi a zamaganizo. Musangoti mutu ukundipweteka, chifukwa adzakupatsani panado n'kubwerera. Nthawi zambiri thandizo lake ndi kukambirana kangapo ndi munthu wodziwa, ena amawonjezerapo mankhwala. Pemphero musasiye, silimalimbana ndi chipatala.

Usiku mtima ukayamba kuthamanga, khalani pansi, mapazi agunde pansi, kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, n'kuutulutsa ndi pakamwa motalikirapo kuposa mmene munaukokera, kangapo konse. Sizichotsa vutolo koma zimathandiza kuti thupi litsike. Ndipo ndinene kwa aliyense pano: ukakhala masabata awiri kapena kuposerapo uli wokhumudwa, zimene unkakonda osazifunanso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zitasokonekera, pita ukaonane ndi achipatala. Maganizo ofuna kudzichotsera moyo akangobwera, uza munthu tsiku lomwelo, usagone nawo.

Aphunzitsi a ku Chonde:
Za bambo a kunyumba kwa Nangondo zandikumbutsa maliro awiri amene ndapitako chaka chino, onse a amuna, onse anadzipha, mmodzi ndinamuphunzitsa ndekha sitandade 7. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna. Tinaleredwa kuti mwamuna salira, mwamuna ndi kabudula amathera moyenda. Amayi ali ndi kumene amatulira nkhawa, kumjigo, kubanki m'khonde, kumvano, kuchigayo. Ife amuna timakhala pa bawo maola atatu, kukamba za mpira ndi ndale, n'kubalalika wina osadziwa kuti mnzake wagona ndi njala kapena akatapila amulanda njinga. Kachasu uja nthawi zambiri si chiyambi cha vuto, ndi pobisalira. Nangondo, kodi bambowo alibe mnzawo kapena malume awo amene amawamvera? Mawu ena mwamuna amawalandira bwino akachokera kwa mwamuna mnzake, osati mowadzudzula za mowa, koma kungokhala nawo pansi n'kuwafunsa za usiku uja.

Nangondo:
Alipo atsibweni awo ku Thuchila, amawalemekeza kwambiri. Sindinaganizepo zowauza, ndinkaopa kuti ndikuwaika bambo pa mbalambanda. Ndiyesa.

Bambo a Tadala (Chitakale):
Aphunzitsi, mawu anuwo andigwira pakhosi. Ndinayamba nkhaniyi ngati ya mchere, koma pali china chimene sindinalembe. Chaka chatha mitengo itakwera ndinatenga ngongole kuti ndidzaze shopu, katundu sanayende mmene ndinkaganizira, ndinatenganso ina ya katapila kuti nditseke yoyambayo. Kuyambira January ndimadzuka 2 koloko usiku, maso gwa, kuwerengera ndalama zimene kulibe. Mayi a Tadala sakudziwa kukula kwake, ndimawauza kuti zili bwino. Mabotolo aja ndi tchipisi ndimadya osati chifukwa cha njala, ndimangofuna pakamwa pazichita kanthu maganizo akandichuluka. Namwino atandifunsa ngati ndili ndi nkhawa ndinayankha kuti ayi.

Anamwino opuma (Nkando):
Bambo, zimenezi mukanene mukapitanso kukatenga mankhwala, zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Kusagona ndi nkhawa yosatha zimakweza BP, ndipo zimachititsa munthu kudya ndi kumwa mosadziletsa, monga mwaonera nokha. Mchere chepetsani, mankhwala imwani, koma katundu mwasenzayu ngati simumutula, manambala aja adzavuta kutsika.

Mayi a Chisomo (Luchenza):
Ndipo mayi a Tadala auzeni, bambo. Ndikulankhula ngati mkazi wapabanja. Ife timadziwa kale kuti chinachake chalakwika, timamva munthu akutembenuka pabedi usiku wonse. Chimene chimatipweteka ndi kusauzidwa, chifukwa mtima umayamba kuganiza zina zoipa kuposa ngongole. Mutu umodzi susenza denga. Mwina iwo ali ndi kena kake kubanki m'khonde, mwina ali ndi nzeru ya mmene mungakambirane ndi mwini ndalamayo. Ngakhale atakhala opanda kalikonse, mudzagona mosiyana usiku umenewo.

Achimwene a ku Joni:
Achimwene, inenso ndinadutsamo m'ngongole kuno, ndikuimbirani mawa madzulo mukatseka shopu. Pali zina zosalembeka pagulu.

Bambo a Tadala (Chitakale):
Ndamva nonse, ndipo zikomo. Mayi ndiwauza usiku uno ana akagona, ndisanasinthe maganizo. Kabotolo ka mchere ndachotsa kale patebulo. Mawa ndipita kuchigayo ndi ndowa imodzi yosakonola. Achimwene a ku Likhubula, Loweruka ndiyambe nanu mphindi 15 zija, ndikayenda ndekha ndikudziwa kuti ndidzazengereza.

Wakabaza wa pa Limbuli:
Nanenso ndibwera, njinga ndiisiya pa Chitakale.

Mayi a Chisomo (Luchenza):
Nangondo, Lachiwiri sindipita kumsika, mwana adzandigulitsira. Ndikwera minibasi yoyamba, tikumane pageti la chipatala 7 koloko, ndikakhala nanu pamzere mpaka mulowe. Nditumizireni nambala yanu kumbali.

Nangondo:
Ndatumiza achemwali. Ndidzabwera.

Wonyamula katundu kuphiri (Likhubula):
Loweruka tikumane pa mphambano ya Chitakale 5:30 m'mawa. Chiperoni chikapitirira valani juzi ndi chipewa, tiyendabe. Bambo a Tadala, kapiritsi kanu mumwe musananyamuke, ndipo mutenge botolo la madzi.